Chaka chimene apongozi anathena kolifulawa

Ine ndinalowa m'gulu la dimba chifukwa cha chifuwa cha mwana, osati chifukwa chokonda ndiwo zamasamba ayi. Zimenezo ndineneretu.

Kumene ndinatengwa, kuseri kwa Santhe, munthu aliyense ndi wa fodya. Mvula ikangotha mudzi wonse umasamukira m'zigafa, kusankha, kumanga, kudinda mabelo, ndipo mtengwa safunsidwa ngati akufuna, amangomulozera malo pamphasa, pakati pa alamu ake ndi mulu wa masamba. Chaka chimenecho ndinali ndi khanda la miyezi isanu, mwana wamkazi, woyamba. Ndinkalowa naye m'chigafa ali kumbuyo, ndipo sabata isanathe anayamba kutsokomola, pakhosi pali tswii tswii ngati kamwanapiye konyowa. Kuchipatala anesi anandiyang'ana pamwamba pa magalasi nkuti, "Mayi, mwanayu mumamugoneka mu fodya kodi?" Ndinati ayi. Anati, "Nanga bwanji akununkha ngati belo?" Anandilamula kuti asapumenso fumbi limenelo. Ndinavomera ndi mutu, koma njira yonse yobwerera ndinkangodzifunsa kuti ndikauza ndani, ndikayambira pati, ine wobwera.

Ndiye tangoganizani mmene mtima unachitira Lamulungu lotsatira, atalengeza m'tchalitchi kuti kukubwera ntchito ya madimba, akufuna amayi ochepa, ndipo amene walowa azikhala kudambo m'mawa ndi madzulo osajomba. Kudambo! Kulibe fumbi kumeneko, kuli mphepo ndi achule basi. Ndinakweza dzanja wolengezayo asanamalize, mwana anachita kudzidzimuka.

Eni ntchitoyo anali atatu. Oyamba anali alangizi a boma, bambo okoma mtima a njinga yamoto yosalira popanda kukankhidwa, moti akamatsanzika tinkayamba kumangirira zitenje kuti tiwathamangitse. Achiwiri anali bambo a kukampani, a kapusi ndi galimoto yoyera, amene ankapereka mbewu ndipo anati adzagula zokolola kukagulitsa m'mahotela ku Lilongwe. Achitatu anali mayi a kafukufuku ochokera kusukulu ya ukachenjede ya zaulimi, a chipewa chachikulu ngati lichero, kope m'khwapa, tepi yoyezera m'khosi. Tsiku loyamba anagwirana manja atatuwo, anajambulitsa, anati boma, amalonda ndi ophunzira tsopano ndi banja limodzi, tilima ndiwo mosatopetsa nthaka, madzi pang'ono, mankhwala pang'ono. Tinaomba m'manja ndi kululutira. Kuchokera tsiku limenelo sindinawaonenso ali pamodzi mpaka mbewu itakula. Wina ankabwera Lolemba, wina Lachinayi, wina tsiku limene wafuna, ndipo aliyense akafika ankayamba ndi funso lomwelo: "Anzanga aja anakuuzani zotani?"

Mbewu yake inali kolifulawa. Ine dzinalo ndinaliphunzira masiku atatu. Masamba ake ngati a kabichi, koma chodyedwa ndi duwa loyera lothinana limene limatuluka pakati. Aliyense wa ife anapatsidwa mabedi atatu: lina la feteleza, lina la manyowa okha, lina la manyowa ndi udzu wophimbira. Lililonse linali ndi kachikwangwani kake, koma ife tinangowatchula mayina athu: bedi la boma, bedi la kampani, bedi la asukulu. Amayi a kafukufuku anatiuza kuti tisachite kanthu kalikonse kamene sitinauzidwe. "Ngakhale nkhuku itapalasa, mundiuze." Abambo a kapusi anawonjezera kuti amene dimba lake lilephere chifukwa chosasamala, mbewu idzapita kwa wina, odikira alipo ambiri. Ponena zimenezo ankayang'ana kwa ine. Mwina ankayang'ana mbuzi imene inali kumbuyo kwanga, sindikudziwa, koma ine ndinamva chigafa chikununkha pomwepo.

Tsono malo amene ndinalimapo anali a apongozi anga aamuna. Amene anakandipemphera malowo ndi bambo a mwana, iwo nkuloleza. Koma palibe amene anawauza kuti padzalidwa chiyani, ndipo mwa atatu aja palibe amene anakawalonjera.

Apongozi angawo ndi munthu amene fodya wake ankadziwika mpaka ku Kaluluma. Koma maso anali atayamba kuchita nkhungu, ankasakaniza tsamba lofiira ndi lotuwa, ndiye ana awo anawachotsa mwaulemu pa ntchito yosankha, amvekere, "Bambo, inu muzingoyang'anira." Munthu wa manja otero kumuuza kuti azingoyang'anira! Ankangozungulira mudzi, kampeni m'thumba la jekete, kufunafuna chokonza.

Ndipo ine ndi iwo sitinkayankhulana. Si udani ayi, ndi mwambo. Chilowereni m'banjamo ndinali ndisanawauzeko liwu ndi limodzi lomwe maso ndi maso. Ndikawaona akubwera panjira ndinkapatukira patchire nkugwada chafufumimba mpaka adutse. Tsiku lina ndinapatukira pa chitedze, ndinapirira chomwecho mpaka anakhota, ndinakandira kunyumba.

Kolifulawa wanga anakula bwino, mwina kuposa wa anzanga, poti ine kudambo ndinkachita kukhalako ngati ndasamukira. Mwana anasiya kulira pakhosi, anayamba kunenepa, masaya ali lendelende. Nthawi yozizira ili pakati timitu toyera tinayamba kusuzumira pakati pa masamba, tating'ono ngati chibakera cha mwana wangayo. Ndinkatiwerenga m'mawa, ndinkatiwerenga madzulo, ndinkatilankhula.

Lolemba lina ndikutsetsereka ndi ndowa ndinaona jekete pakati pa bedi la boma. Ndinaima. Ndinalowa m'bango msangamsanga, mwana ndinamupatsa bere kuti asatulutse mawu. Apongozi anali atawerama, kampeni m'manja. Anatsegula masamba mwaulemu ngati akuvundukula khanda, anagwira kamutu koyera, thyo! nkuponya mu ngalande. Anasendera pa wina. Thyo!

Amene sanalimepo fodya sangamvetse. Kwa mlimi wa fodya duwa ndi mdani. Fodya akangoonetsa maluwa kunsonga umathyola tsiku lomwelo, timati kuthena, kuti mphamvu yonse ipite kumasamba. Munda wa fodya wochita maluwa ndi manyazi a mwini wake, odutsa amaloza. Ndiye mkuluyo, zaka zonse zimene wakhala pansi pano, anali asanadutsepo duwa m'munda nkulisiya lamoyo. Ndinkawamva akung'ung'udza okha, "Ana a masiku ano. Kabichi wabwinobwino kumulekerera achite maluwa. Asukulu akewo amaphunzira chiyani?" Thyo!

Ankandithandiza. Chimene chinandipweteka kwambiri nchimenecho, ankandithandiza ndi mtima wonse.

Ndinafuna kukuwa, koma mtengwa sakuwira apongozi. Ndinatsokomola, iwo anangoti, "Eya, kwazizira," osacheuka. Mwayi wake mawondo awo sapirira kuwerama, atamaliza mzere umodzi anaongoka, anagwira m'chiuno, anauza mabedi otsalawo kuti, "Inu mawa," nkumapita akuimba nyimbo ya kwaya.

Ndinatuluka m'bango. Ndinatola timitu tonse mu ngalande nkubisa mu ndowa, pamwamba nkuikapo thewera kuti munthu asayerekeze kusuzumira. Ndinathamangira kwa alamu anga, mlongo wawo wa bambo a mwana, ndinawapeza m'chigafa, ndinawaitanira panja, ndinafotokoza mopuma pamwambamwamba. Anaseka mpaka anakhala pansi.

"Alamu, musaseke, kawauzeni!"

"Ndikawauze kuti chiyani? Kuti bambo, inu simudziwa duwa? Ine ndikufunabe kudya pakhomo pano, mlamu."

"Nanga ine nditani?"

"Bwerera kuno, malo ako pamphasa sitinapatse munthu."

Ndinaimbira bambo a mwana. Anali ku okushoni, sabata yachiwiri akudikira kuti mabelo alowe. Anamvetsera theka nkuti, "Asiye, ndidzakamba nawo ndikabwera." Ndinafunsa kuti mubwera liti. Anati zimenezo akudziwa ndi Mulungu ndi woyendetsa lole. Ndinaganizako zouza alangizi, koma ndinangoti ndaganiza ndinadzimenya pakamwa ndekha. Mtengwa kukanenera apongozi ake kuboma? Nkhani yake ikanakafika kwathu ine ndisanafike.

Timitu tija sindikanataya, munthu akanationa. Ndinatiphika ndi tomato ndi nsinjiro, ndinatumiza mbale kwa apongozi monga mwa masiku onse. Mbale inabwerera yoyera, ndi uthenga wakuti bowa wa m'chilimwe ameneyu mtengwa akumuzula kuti, mawa aphikenso.

Lachiwiri anathena mzere wachiwiri. Lachitatu bedi la boma analimaliza. Ine m'bango, kuonerera, udzudzu ukundidya, osatha nkuupha komwe kuopa phokoso. Potsanzika tsiku limenelo analoza bedi la kampani ndi kampeni.

Ndinakhala pamzere dzuwa lili paliwombo, misozi ili chuchuchu. Dzuwa linayamba kumuotcha mwana paliwombo pake, ndinakoka nsalu nkumufunda kumutu, monga ndimachitira tikamadutsa pagulu pamene sindikufuna kuti anthu azimuyang'anitsitsa. Ndiye ndinayang'ana nsaluyo. Ndinayang'ana kolifulawa. Chimene maso sanaone kampeni sikadula.

Ndinathamanga kukatenga luzi kuseri kwa chigafa. Ndinasonkhanitsa masamba akuluakulu a mbewu iliyonse, kuwakumanitsa pamwamba pa duwa, nkumanga. Wina, wina, wina, maso kunjira. Ndinamanga bedi la kampani lonse, ndinamanga la asukulu lonse, mfundo zake zosaoneka bwino, zina ngati zomangira mbuzi. Ndikumaliza mpamene ndinakumbukira mawu a amayi a chipewa aja, akuti musachite kanthu kamene simunauzidwe. Nkhuku yopalasa ankafuna kuuzidwa, nanga ine amene ndamanga kafukufuku yense ndi luzi? Tsopano milandu inakhala iwiri.

M'mawa mwake apongozi anafika, kampeni katatsegulidwa kale. Anayenda uku, anayenda uku, anasuzumira ndi maso awo a nkhunguwo. Duwa osaliona. Anaima, anagwedeza mutu mokhutira. "Ehee. Tsopano wayamba kumanga mutu, kabichi ameneyu. Ankangofuna aone anzake atalangidwa." Anapinda kampeni nkumapita.

Masabata awiri otsatira sindinakhale bwino. Njinga yamoto ikalira patali ndinkaimirira kusuzumira kunjira. Koma alangizi njinga inali itawafera, abambo a kampani anali kwina, amayi a kafukufuku anali ndi mayeso a ophunzira awo. Anangotumiza uthenga kuti tikonzeke, kukhala tsiku lachionetsero, abwera onse atatu.

Tsikulo kudambo kunadzaza. Amayi a gulu tinavala zitenje zofanana. Anthu a midzi ina anabwera, alamu anga anatseka chigafa kuti asaphonye, ananena okha kuti akubwera kudzanditenga. Apongozi anakhala pa chulu chapafupi, jekete lochapa, ndodo pakati pa miyendo, nkhope ya munthu amene akudikira kuthokozedwa.

Anayamba ndi madimba a anzanga. Mitu inalipo, ikuluikulu ndithu, koma yachikasu, ina yofiirira ngati mano a munthu wosuta. Abambo a kapusi ankangoti, "Mmm. Mmm. Ahotela amafuna woyera." Kenako anafika pa langa, nkuyamba ndi bedi la boma.

Masamba ake, abale! Aakulu ngati a nthochi, obiriwira bii, onyezimira. Mutu ndi umodzi womwe.

Oyamba kuyankhula anali alangizi. "Mbewu iyi ndi yachabe."

"Mbewu yathu ilibe vuto," anatero a kampani. "Ndi feteleza wanu uyu, mwachulutsa."

"Muyezo anapereka ndi asukulu."

Koma amayi a kafukufuku sankawamva. Anali atagwada m'matope, chipewa chitagwa, akutsegula masamba, maso akuwala ngati atola ndalama. "Taonani! Chadula pamalo amodzimodzi mbewu zonse, mopendeketsa, mosalala. Chilombo chimenechi sindinachiwerengepo m'buku lililonse." Anajambula, anayeza ndi tepi, anafunsa ngati ndinaonako mbozi yaikulu yachilendo. Ndinati ayi. Sindinaname, mbozi sindinaione.

"Ndi mbuzi," anatero alangizi.

"Mbuzi yoyenda ndi mpeni?" anafunsa a kampani. Kumbuyo ndinamva alamu anga akutsamwa.

Kenako anatembenukira ku mabedi omangidwa aja. Amayiwo anaimirira pang'onopang'ono. "Wamanga izi ndani?"

Mawu anatuluka ang'ono ngati a mwana. "Ndine."

Anamasula mfundo imodzi movutikira, anatsegula masamba. Ine ndinatseka maso. Ndinamva abambo a kapusi akuimba mluzu. Nditatsegula, mutu uli mbee, woyera ngati ufa wa pamphasa, wothinana, waukulu ngati mutu wa mwana wanga. Anamasula wina, chimodzimodzi. Wina, chimodzimodzi.

"Uyu ndiye timafuna!" anakuwa a kampani. "Alangizi, mwachita bwino kuwaphunzitsa kumanga. Koma bwanji mwaphunzitsa mmodzi yekha?"

"Ine? Ndimayesa zomanga muphunzitsa ndinu, mbewu ndi yanu."

"Ife timayesa asukulu."

"Ine ndinalemba papepala lija ndinakupatsani nonse awiri," anatero amayiwo. Onse atatu anayang'anana. Zinadziwika pomwepo kuti kolifulawa amafunika kumufunda masamba kuti dzuwa lisamuwaule, ndipo pepala lonena zimenezo aliyense anali nalo m'chikwama, akudikira mnzake.

Ndinayamba kupuma. Koma abambo a kapusi anabwerera pa bedi la boma. "Chabwino, mayi. Koma ili latha lonse muli pomwepa, osatiuza. Lamulo munalimva. Tiuzeni chinachitika nchiyani, ndipo munamanga chifukwa chiyani popeza palibe anakuuzani. Apo ayi dimba ili tipereka kwa wina."

Anthu onse maso pa ine. Kutsogolo atatu aja. Kumanzere alamu, atapinda manja. Kumanja, pachulu, apongozi. Ndikanena, ndanyoza mkulu pagulu. Ndikapanda kunena, mawa mwana ali m'chigafa. Mwana anasuntha kumbuyo, anandikoka mpango.

Ndinamumasula. Ndinagwada chafufumimba, msana kuchulu, nkumukhazika pamiyendo, ndipo ndinayankhula naye mokweza, monga ndinkaonera amayi anga akuchitira kwathu pamene agogo ali pafupi.

"Iwe mwana, tapita ukawathokoze agogo ako. Ukawauze kuti amayi aona mmene anawathandizira m'dimba masiku atatu, mawondo akuwawa. Ukawauzenso kuti mbewu ya alendoyi ndi yopusa, siili ngati fodya, iyi amadya duwa lake. Amayi anasowa pokuuzirani, ndiye anangobisa maluwa otsalawo."

Mwana anandiyang'ana, anatulutsa dovu.

Sindinacheuke, koma ndinamva ndodo ikugunda pansi, kenako mapazi. Anaima chapatali pang'ono kumbuyo kwanga. Wina pagulu anayamba kuseka, wina anamuletsa.

"Akazi anga," anatero apongozi, poti mdzukulu wawoyo amamutchula choncho. "Akazi anga, tawafunsani amayi anu. Bowa uja?"

"Uwauze agogo kuti ndi yemweyo."

"Hii!" Kenako anaseka, kuseka kwenikweni, mpaka chifuwa. Gulu lonse linaphulika. Alamu anga anagwira alangizi paphewa kuti asagwe. Amayi a kafukufuku anayang'ana kope lawo, anakhwatcha tsamba lonse la chilombo chija mwachisoni.

Apongozi atapuma anatembenukira kwa atatuwo, mawu atasintha. "Mbozi yake ndine, mpeni wake ndi uwu. Mwanayu musamuvute. Koma ndifunse. Inu a boma, inu a kampani, inu a sukulu, munagwirana manja pa dambo langa, ndinakuonani ndili apo. Ndani mwa inu anabwera kudzati, bambo, tabzala chakuti, chimadyedwa motere? Mukanandiuza, bwenzi nditathena? Inu atatu simuuzana, ine simundiuza, uyu mwambo sumulola. Ndiye mumati mbewu iziuza anthu yokha?"

Abambo a kapusi anavula kapusi. Aka kanali koyamba kuona mutu wawo. Alangizi anapepesa m'malo mwa onse, amayi a kafukufuku anafunsa ngati angalembe zimene mkuluyo wanena, iwo anati lembani, koma dzina ayi. Za kupereka dimba kwa wina palibe anazitchulanso.

Ine ndinali chigwadire, miyendo itachita dzanzi. Ndinamva apongozi akuyenda m'bedi la asukulu, akugwira mfundo zanga imodziimodzi.

"Akazi anga, wawaphunzitsa kumanga amayi anu ndani? Uku nkumanga kapena nkupotokola khosi?" Anamasula imodzi, anasonkhanitsa masamba ndi dzanja limodzi, luzi linazungulira lokha, kamfundo kakang'ono kosavuta kumasula, monga amamangira fodya pa ndodo. Sanayang'ane nkomwe, manja ankaona okha. Amayi a gulu anaunjikana kuti aone. Anabwereza, anabwerezanso, anakalipira amayi ena kuti akumanga ngati mtolo wa nkhuni. Pofika madzulo madimba onse anali atamangidwa, ndipo abambo a kampani ankawatchula kuti aphunzitsi.

Bambo a mwana anabwera patatha masiku anayi, anati tsopano ndikakambe nawo bambo za nkhani ija. Ndinati pitani.

Chaka chotsatira fodya atalowa m'zigafa, alamu anga anaima pakhomo panga m'mawa nkuitana kuti mlamu tiye, chaka chatha unathawa. Ndinali nditanyamula kale ndowa, mwana akuyenda yekha atagwira chitenje changa. Apongozi anali pakhonde pawo akunola kampeni, tsopano kodulira luzi. Sanandiyang'ane, ndipo mpaka lero sanandiyang'anepo.

"Akazi anga," anatero, "tawauzani azakhali anu kuti amayi ali ndi ntchito kudambo. Ndipo muwauze amayi anu afulumire, ine ndatsogola."